Moyo wa Dr. Kamuzu Banda: Kodi Dzina la Ndale Liulula Maganizo Onse a Munthu?

Pa tsiku la Mulungu, pa 6 Julaye 1958, anthu zikwi zingapo anasonkhana pa bwalo la ndege la ku Chileka kudzalandira munthu amene ambiri a iwo anali asanamuonepo ndi maso. Dr. Hastings Kamuzu Banda anali atakhala kunja kwa dziko lino zaka zoposa 40, ndipo pamene anatsika m'ndege anapeza kuti maina awo a ndale anali atawatsogolera kale. Azungu ambiri okonda Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anali kuwayesa munthu wotentha mutu, bwenzi la Kwame Nkrumah, amene mwina adzatsegulira khomo chikomyunizimu. Anyamata a Kongeresi anali kuwayesa mpulumutsi amene adzaphwanya Chitaganya nadzapereka dziko m'manja mwa ana ake ophunzira. A mipingo anali kudziwa kuti kuli kubwera mkulu wa mpingo wa ku Scotland.

Aliyense wa anthu awa anakhulupirira kuti podziwa dzina la ndale la munthu, wadziwanso zimene munthuyo adzachita pa nkhani ya zipatala, ya malimidwe, ya sukulu ndi ya maiko akunja. Funso lathu lero ndi lakuti, kodi anakhoza? Nkhaniyi ikhudza inu aphunzitsi amene muli kuphunzitsa ana mbiri ya dziko lino, ndiponso inu antchito a Boma amene kawirikawiri mumaona munthu ali kuweruzidwa chifukwa cha mtundu wa nsalu ya chipani imene wavala. Tiyeni titsate moyo wa Dr. Banda, maso athu ali ku Chileka ndi ku Lirangwe, kumene zochita zawo zinasiya mapazi oonekera.

Kumene maina amenewa anachokera

Mawu akuti a kumanzere ndi a kumanja anayamba ku France m'chaka cha 1789, pamene m'bwalo la aphungu anthu ofuna kusintha zinthu anakhala kumanzere kwa wapampando, ndipo oikira kumbuyo mfumu ndi miyambo yakale anakhala kumanja. Kuyambira pamenepo anthu azolowera kuganiza kuti wa kumanzere amafuna Boma ligwire chuma ndi kuthandiza osauka, ndi kuti wa kumanja amafuna malonda a anthu paokha, chipembedzo ndi mwambo.

M'chaka cha 1964 munthu wina wophunzira wa pa yunivesite ya Michigan ku America, dzina lake Philip Converse, anafalitsa zimene anapeza pofufuza maganizo a anthu oponya voti m'dziko limenelo. Iye anaona kuti mwa anthu wamba, kudziwa maganizo a munthu pa nkhani imodzi sikuthandiza kwenikweni kudziwa maganizo ake pa nkhani ina, ndi kuti maganizo amayenda pamodzi monga mtolo makamaka mwa atsogoleri amene ndale ndiyo ntchito yawo. Tsono Dr. Banda anali mtsogoleri, ndiponso anaphunzira mbiri ndi ndale pa yunivesite. Ngati dzina la ndale liyenera kugwira ntchito pa munthu wina aliyense, linayenera kugwira pa iwo.

Ulendo wochokera ku Kasungu

Dr. Banda anabadwira pafupi ndi Kasungu kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia. Ali mnyamata anayenda pansi kunka ku Southern Rhodesia, kumene anagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, mzinda umene lero utchedwa Chegutu. Kuchoka uko anapita ku South Africa, nakagwira ntchito ku migodi, ndipo anakhala kalaliki ndi womasulira pa mgodi wa golide ku Boksburg. Awerengi asunge mfundo imeneyi, pakuti moyo wa m'komboni ya ku migodi anauona ndi maso awo.

M'chaka cha 1925 mpingo wa African Methodist Episcopal unawathandiza kupita ku America. Anaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, anamaliza pa yunivesite ya Chicago mu 1931, ndipo analandira udokotala ku Meharry mumzinda wa Nashville mu 1937. Anaonjezera maphunziro ku Edinburgh kufikira 1941, ndipo kumeneko anadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo. Anagwira ntchito ya udokotala ku Liverpool, ku North Shields, ndi ku London kuyambira 1945.

Pa zaka zimenezi munthu wofuna kuwapatsa dzina la ndale sakanavutika. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakana kulowa usilikali chifukwa cha chikumbumtima. Ku Liverpool anadziwika ndi kuchiza osauka osawalipiritsa. Analowa chipani cha Labour, anayanjana ndi bungwe la Fabian loona za maiko a atsamunda, ndipo anali nawo pa msonkhano wa anthu akuda wa ku Manchester mu 1945. Kuyambira 1948 anagwira ntchito pansi pa dongosolo latsopano la ku Britain limene odwala anali kulandira mankhwala osalipira. Mu 1949 analemba pamodzi ndi Harry Nkumbula wa ku Northern Rhodesia chikalata chotsutsa Chitaganya, ndipo pamene Chitaganya chinakhazikitsidwa mu 1953 anasamukira ku Kumasi, m'dziko la Nkrumah. Zonsezi zinaloza kumanzere.

Chileka kachiwiri ndi kachitatu

Pa 1 Ogasiti 1958 anasankhidwa ku Nkhata Bay kukhala mtsogoleri wa Nyasaland African Congress. Patapita miyezi 7, pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Dr. Banda anagwidwa m'bandakucha kunyumba kwawo ku Limbe, natengedwa kunka ku Chileka komwe kuja anawalandirira, ndipo ndege inawatula ku Southern Rhodesia, kumene anatsekeredwa m'ndende ya Gwelo popanda kuzengedwa mlandu. Anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo pafupifupi 50 anaphedwa. Akuluakulu amene anatsogozedwa ndi Patrick Devlin atafufuza, sanapeze umboni wa chiwembu chachikulu chopha Azungu monga momwe Boma la atsamunda linanenera. Dr. Banda anamasulidwa pa 1 Epulo 1960. Malawi Congress Party inapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, iwo anakhala Nduna Yaikulu pa 1 Febuluwale 1963, Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo ufulu unadza pa 6 Julaye 1964.

Pa nkhani ya Chitaganya dzina lawo linanena zoona. Amene anawatcha womenyera ufulu anayembekeza kuti adzakana Chitaganya mpaka mapeto, ndipo anakanadi.

Koma sabata zitatu zokha chilandirire ufulu, pa 26 Julaye 1964, Dr. Banda anatsikanso pa Chileka pochokera ku msonkhano wa atsogoleri a Africa ku Cairo. Kumeneko anali atafotokozera anzawo kuti Malawi, pokhala dziko lopanda doko, sangathe kudula malonda ndi Apwitikizi ndi maboma a Azungu a kumwera. Pa bwalo la ndege, pamaso pa khamu la anthu, anachenjeza nduna zawo zomwe ndi mawu aukali, nauza anthu kuti aziyang'anira nduna zimene zichita zinthu kumbali. Ndunazo zinamva chisoni ndi manyazi, ndipo mkangano waukulu unayambira pamenepo.

Chipani chimodzi, maganizo awiri

Apa pali phunziro loyamba. Anthu amene anakangana mu 1964 onse anali a chipani chimodzi, onse anadana ndi Chitaganya, ndipo ambiri a iwo analawa ndende chifukwa cha ufulu. Komabe anasiyana pa nkhani zisanu. Yoyamba inali tiki, ndiye kuti makobiri atatu, imene Boma linalamula kuti odwala azilipira pa zipatala. Yachiwiri inali lipoti la Skinner, limene linaika malipiro a antchito a Boma akuda pansi pa zimene iwo anali kuyembekeza. Yachitatu inali kuchedwa kwa kukweza eni dziko pa maudindo amene anali m'manja mwa Azungu. Yachinayi inali ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Yachisanu inali kuzindikira boma la chikomyunisiti la ku China, limene linali litalonjeza ngongole ya mapaundi mamiliyoni ambiri.

Taonani mmene dzina linalepherera. Dokotala amene anachiza osauka ulere ku Liverpool ndiye anaika tiki pa zipatala, ngakhale kuti patapita nthawi malipirowo anachotsedwa. Munthu amene Azungu anamuopa kuti ndi wa chikomyunisiti ndiye anakana ndalama za ku China, ndipo mu 1966 anapanga ubwenzi ndi Taiwan. Munthu amene anamangidwa popanda mlandu ku Gwelo ndiye anafuna lamulo lomanga anthu popanda mlandu, ndipo nduna imene inatula udindo pokana lamulolo mu Ogasiti 1964 inali Mzungu, Colin Cameron. Womenyera ufulu wa anthu akuda anasunga Mzungu, Bryan Roberts, monga mkulu wa antchito onse a Boma kufikira 1972, ndipo asilikali anayamba kulamulidwa ndi Mmalawi, Graciano Matewere, m'chaka chomwecho.

Pa 7 Sepitembala 1964 Dr. Banda anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere, amene anali Nduna ya Maphunziro, anachita chimodzimodzi atabwera kuchokera ku Canada. Antchito a Boma ambiri a ku Zomba anaima ndi ndunazo, ndipo ena a iwo anataya ntchito ndi ufulu wawo. Kuukira kwa Chipembere mu Febuluwale 1965 kunathera pa doko la Liwonde, ndipo Yatuta Chisiza anaphedwa pomenyana ndi asilikali a Boma mu Okutobala 1967.

Njanji ya ku Lirangwe ndi ndege za Wenela

Mu 1967 Malawi anatumizirana akazembe ndi boma la tsankho la South Africa, chinthu chimene panalibe dziko lina la anthu akuda linachita m'masiku amenewo. John Vorster anadzacheza kuno mu Meyi 1970, ndipo Dr. Banda anabwezera ulendowo mu Ogasiti 1971. Ndalama za ngongole zochokera ku South Africa zinathandiza kumanga likulu latsopano ku Lilongwe, kumene Boma linasamukira mu 1975, ndiponso njanji yochokera pa Nkaya kunka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970 ndi kulumikiza dziko lino ku doko la Nacala. Anthu a ku Lirangwe, kumene njanji yochokera ku Blantyre yakhala ikudutsa kuyambira m'zaka za m'ma 1930, anaona ndi maso awo sitima zonyamula fodya, tiyi, feteleza ndi mafuta zili kuyenda pa njira yatsopanoyo.

Pamenepo maiko ambiri a mu Africa anapatsa Dr. Banda dzina lina, lakuti kapolo wa Azungu a kumwera. Amene anakhulupirira dzina limeneli anayembekeza kuti chilichonse chimene South Africa afuna, Dr. Banda adzavomera. Chimene eni migodi anali kufuna koposa kwa Malawi ndi anthu antchito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali kugwira ntchito m'migodi ya kumeneko, ndipo ambiri anali kukwera ndege za Wenela pa Chileka kunka ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene anali kukwera sitima. Ndalama zimene anali kutumiza kumudzi zinali zofunika kwa mabanja awo ndi kwa Boma lomwe.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inanyamuka ku Francistown kubwera ku Chileka inagwa itangouluka, ndipo Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo anafera pomwepo. Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo pasanathe zaka ziwiri unyinji wa amuna aja unabwerera kumudzi. Eni migodi anasauka nazo kwambiri. Kulembako kunayambanso mu 1977, koma ndi anthu ochepa. Ena amati Dr. Banda anakumbukira zimene anaona ku Boksburg, ena amati minda ikuluikulu ya fodya inali kusowa antchito. Zifukwa ziwirizi zitha kukhala zoona pamodzi, koma palibe mwa izo chimene munthu akanachipeza pongoyang'ana dzina lija. Mu 1980 Malawi yemweyo anali mmodzi wa maiko 9 amene anayambitsa bungwe la SADCC ku Lusaka, limene cholinga chake chinali kuchepetsa kudalira South Africa.

Mlimi ndi msika

Dr. Banda sanabise kuti anadana ndi chikomyunizimu, ndipo maiko a azungu a kumadzulo anawayesa bwenzi la malonda a anthu paokha. Tsono tifunse mlimi wa ku Lirangwe kapena wa kwa Kuntaja amene analima thonje ndi chimanga m'zaka za m'ma 1970. Iye sanali ndi ufulu wogulitsa thonje lake kwa aliyense amene wamufuna. Wogula anali ADMARC, bungwe la Boma limene linalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndipo mtengo unali kuikidwa ndi Boma. Fodya wa bale, amene anali ndi ndalama zambiri, lamulo linamusungira eni minda ikuluikulu, ndipo mlimi wa m'mudzi analoledwa kumulima kuyambira 1990. Phindu limene ADMARC inapeza pogula motchipa kwa alimi ang'onoang'ono linathandiza kukulitsa minda ya anthu olemera ndi makampani a Press, amene mwini wake anali Dr. Banda.

M'zaka zomwezo amalonda Achimwenye analamulidwa kuchoka m'malo a malonda a kumidzi ndi kukakhala m'mizinda ikuluikulu yokha, kotero kuti malonda a m'masiteshoni ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu ndi njanji anasiyidwa kwa eni dziko ndi kwa masitolo a Chipiku ndi PTC. Lamulo la 1966 linapatsa Boma mphamvu yolanda katundu wa munthu amene lamuyesa woononga chuma cha dziko. Munthu wokhulupirira malonda a ufulu sakanavomera chimodzi mwa zinthu izi.

Komabe tisaiwale mbali ina. Boma la Blantyre, makamaka midzi ya kumpoto kwake ya ku Lunzu ndi ku Lirangwe, linakanthidwa koopsa ndi njala ya 1949, ndipo akuluakulu a kumeneko sanaiwale. Kwa anthu otere msika wa Boma wokhala ndi chimanga pa mtengo umodzi, ndi nkhokwe zazikulu zimene zinamangidwa ku Kanengo, zinali chitetezo chenicheni. Chimodzimodzi pa malimidwe. Kongeresi inatchuka pokana malamulo a atsamunda okakamiza anthu kupanga mizere ndi migula, ndipo Dr. Banda atakhala nduna mu 1961 anachotsa zilango zake. Koma iwo omwewo anakhala mlaliki wamkulu wa ulimi wamakono, nayendera minda chaka ndi chaka, nalemekeza achikumbe.

Sukulu, chinenero ndi mwambo

Inu aphunzitsi mudziwa bwino za mbali iyi. Dr. Banda anali kulankhula Chingerezi pa misonkhano, womasulira ali pambali, ndipo anavala suti ndi chipewa cha ku London moyo wawo wonse. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana anaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi Achizungu okhaokha. Wina akanati munthu wotere adzanyoza zinenero ndi miyambo ya makolo. Koma mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo mu 1972 panakhazikitsidwa bungwe loyang'anira kalembedwe kake. Mkulu wa mpingo wa Chipresbateriyani analemekeza gule wamkulu, amene amishoni anamenyana naye zaka zambiri. Munthu amene anakhala nthawi yaitali pansi pa malamulo a ku Britain anapatsa makhoti a mafumu mphamvu yoweruza milandu ya kupha mu 1969, ndipo m'makhoti amenewa woimbidwa mlandu sanaloledwe kukhala ndi loya.

Anali kulalikira umodzi ndi kudzudzula kusankhana mitundu. Koma chaka chomwecho cha 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kukaphunzitsa kwawo, chinthu chimene chinalekanitsa mabanja ndi kusiya sukulu zambiri za kumwera ndi pakati zili zosowa aphunzitsi. Anadzitcha nkhoswe ya amayi onse nalimbikitsa maphunziro a atsikana, koma lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi. Pa bwalo la ndege la Chileka alendo aamuna ofika ndi tsitsi lalitali anali kuuzidwa kuti amete asanalowe m'dziko.

Pamene dzina linanena zoona

Tikanakhala onama tikanati palibe dzina lililonse limene linawayenera. Kuyambira 1964 panali chinthu chimodzi chimene munthu akanatha kulosera osaphonya, ndicho chakuti wotsutsa Dr. Banda adzaona zoopsa. Dziko linakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo iwo anakhala Pulezidenti wa moyo wonse mu 1971. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo chifukwa chokana kugula khadi la chipani anamenyedwa, ena anaphedwa, ndipo zikwi zambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Anthu ambiri ophunzira anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu. Mu 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza. Chaka chomwecho khoti la mafumu linagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Munthu uja anakana kugwira mfuti pa nkhondo ya ku Ulaya analamulira dziko limene zinthu izi zinachitikamo.

Ngakhale pamenepa, mapeto ake anadabwitsa ambiri. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo mu Malichi 1992, ndipo maiko opereka thandizo ataimitsa ndalama zina mu Meyi chaka chomwecho, Dr. Banda anavomera riferendamu. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse anasankha zipani zambiri. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 anagonja kwa Bakili Muluzi, ndipo anavomera kugonjako pa wailesi mavoti asanathe kuwerengedwa. N'zoona kuti anali okalamba ndi odwala, ndiponso kuti asilikali anali atalanda zida za a Payoniya mu Disembala 1993. Komabe olamulira ena a mtundu wawo anasankha kukhetsa mwazi pa nthawi yonga imeneyo. Anazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza, ndipo khoti linawamasula mu Disembala 1995. Anamwalirira ku chipatala cha ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, naikidwa ku Lilongwe.

Zimene zikanathandiza kulosera

Ngati maina a kumanzere ndi kumanja analephera, nanga n'chiyani chikanathandiza munthu woima pa Chileka mu 1958 kudziwa zimene zinali kubwera? Tiona zinthu zitatu.

Choyamba ndi mapu. Dziko lopanda doko, limene njanji yake inali kudutsa m'dziko la Apwitikizi ndipo amuna ake anali kugwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa, linali ndi malire pa zimene likanatha kuchita. Ubwenzi ndi Apwitikizi, ngongole za ku South Africa, ndi kulowa SADCC pamene Mozambique ndi Zimbabwe anapeza ufulu, zonsezi zimveka bwino munthu akayang'ana mapu.

Chachiwiri ndi mbiri ya munthu mwini. Dr. Banda anachoka kuno ali mnyamata, nabwera ali ndi zaka pafupifupi 60. Anasunga m'mutu mwawo mudzi wa Chichewa wa ubwana wawo, pamodzi ndi sukulu ndi mpingo za ku Scotland zimene zinawaumba. Gule wamkulu ndi Chilatini, makhoti a mafumu ndi lamulo la kavalidwe, zonse zinachokera m'nkhokwe ziwiri zimenezi.

Chachitatu ndi chikhulupiriro chawo chakuti dziko liyenera kukhala ndi mutu umodzi. Anyamata amene anawaitana mu 1957 anayesa kuti apeza nkhalamba yolemekezeka yoika patsogolo, iwo akuyendetsa zinthu kumbuyo. Dr. Banda asanavomere utsogoleri anafuna mphamvu yosankha okha akuluakulu a chipani, ndipo anapatsidwa. Amene anayang'anitsitsa chinthu chimenechi anali ndi chizindikiro chabwino cha 1964 koposa amene anawerenga khadi lawo la chipani cha Labour.

Kwa aphunzitsi ndi antchito a Boma

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzina la ndale lili ngati khungu la chipatso. Limatiuza mtengo umene chipatsocho chachokera, ndiponso limatiuza mbali imene munthu adzaima pa nkhani yaikulu imene inabala dzinalo, monga momwe dzina la womenyera ufulu linanenera zoona pa Chitaganya. Pa nkhani zina zonse, ya tiki, ya mtengo wa thonje, ya chinenero cha pa wailesi, munthu ayenera kung'amba chipatso ndi kuona.

Chifukwa chake mphunzitsi amene afunsa ana ngati Dr. Banda anali wa kumanzere kapena wa kumanja adzalandira mayankho oloweza pamtima. Kuli bwino awafunse zimene Dr. Banda anachita pa nkhani ya Wenela mu 1974, amene anapindula, amene anataya, ndi chifukwa chake. Mwana wa ku Chileka kapena ku Lirangwe atha kukafunsa agogo ake amene anakwera ndege zija, kapena amene anagulitsa thonje pa sikelo ya ADMARC, ndipo adzabwera ndi mbiri yeniyeni.

Kwa antchito a Boma phunziro lake ndi lolemera koposa. Mu 1964 anthu ambiri anachotsedwa ntchito ndi kumangidwa chifukwa anapatsidwa dzina lakuti oukira, ngakhale kuti ena a iwo anangodandaula za malipiro. Mu 1989 aphunzitsi anasamutsidwa chifukwa cha dzina la chigawo chimene anabadwira. Kuyambira 1994 maboma asinthana kangapo, ndipo nthawi iliyonse pamamveka madandaulo akuti wakutiwakuti wakwezedwa kapena watsitsidwa chifukwa ayesedwa wa chipani chakuti. Ngati dzina linalephera kuulula maganizo a munthu amene ndale inali moyo wake wonse, lidzalephera koposa pa kalaliki, namwino kapena mlangizi wa zaulimi. Wofuna kudziwa maganizo a mnzake pa nkhani inayake amufunse za nkhaniyo, ndipo ayang'ane ntchito zimene wachita.